Nthungululu Yanga ku Lansdowne Road

Tinanyamuka ku Mulhuddart, komwe timakhala kuno kutsidya kwa nyanja, Loweruka cha m'ma 12, ine ndi mwana wanga Tadala, kamvula kakuwaza mwa masiku onse. Tadala ali ndi zaka 16 ndipo ragibi inamulowa m'magazi. Nthawi yonseyi ankapita kumpira ndi makolo a anzake, ine osandiitana, ati ndimachititsa manyazi. Zinkandiwawa, ndisaname. Ulendo uno mayi wa mnzake anadwala, tikiti n'kutsala, ndiye anandiuza m'Chingerezi chake chothamangacho kuti nditha kubwera bola ndikadzigwire. Ndinadziwa kuti ndikalakwitsa sadzanditenganso, choncho ndinalumbira kuti ndikakhala ngati mtengwa watsopano.

Basi inali 2 euro. Pofika ku Blanchardstown inali itadzaza majezi a buluu a timu imene Tadala amachemerera, makanda omwe atavekedwa zipewa za timu. Bambo wina wachikulire anandiuza kuti kale tikiti ankangogulira pageti, koma masiku ano ochemerera achuluka moti masewera akuluakulu anawasamutsira kubwalo lalikulu la ku Lansdowne Road, komabe matikiti amatha. Anandifunsa timu yanga. Ndinati ine ndimachemerera mwana wanga basi.

Ku Tara Street tinakwera sitima. Tinapanikizana ngati minibasi ya ku Ndirande m'mawa, kungoti apa aliyense akakuponda ankapepesa. Pageti la bwalo mlonda anapeza mandasi m'chikwama changa, ine n'kumupatsa limodzi. Tadala anayang'ana kumbali ngati sandidziwa.

Mpirawo, abale, ndi wa mtundu wina. Wooneka ngati papaya, amapatsirana chobwerera m'mbuyo, azibambo n'kumagwetsana mulu koma wokwiya palibe. Ndinadzigwira mpaka chakumapeto. Ndiye a buluu, akutsalira pang'ono, anapatsidwa penate. Kamnyamata kena kanakhazika mpira pansi, ndipo bwalo lonse linangoti zii! Khamu lonselo, ngakhale wotsokomola.

Mtima unandipweteka. Kwathu womenya penate timamulimbitsa mtima, sitimusiya yekha ngati mwana wamasiye. Ndinati anthu awa ataya mtima, koma ine ndine mayi. Ndinaimirira n'kuimba nthungululu, yaitali ija ya paukwati.

Mpira unapita kutchire.

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Tadala anadziphimba kumaso ndi sikafu. Mayi wina wa pambali panga anandinong'oneza mokoma kuti kuno wina akamamenya penate onse amakhala chete, ndiwo ulemu wake, ngakhale akhale wa timu yobwera. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Tinagonja ndi mapointi awiri, pamene penate ija inali ya atatu.

Pobwerera ndinagula tchipisi cha 6 euro kuti ndimunyengerere, anakana. M'sitima anandifulatira. M'basi anakhala kuwindo, nkhope gwa, ine tchipisi chikuzizira pamiyendo. Ndinavomereza mumtima kuti ragibi yanga yathera pompa, ndipo kamwayi kokhala pafupi ndi mwana wanga ndakataya ndekha.

Tili pa Navan Road, mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka mpaka misozi.

"Mami, ameneuja amaphonya daily. Si inuyo."

"Ndiye wandizunziranji njira yonseyi?"

"Mumayenera kumva kuwawa pang'ono," anatero, akutola tchipisi chozizira chija. "Game ikubwerayi tizipanga chonchi. Ndikakugwirani dzanja, chete. Ndikasiya, imbani mmene mungathere."

Anandigwira dzanja kuti andionetse. Ndaphunzira kuti kuno nthawi zina kuchemerera n'kutseka pakamwa, ndipo phunzirolo ndinaliyamba pomwepo, chifukwa dzanjalo sanalisiye. Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma lamulo ndi lamulo. Ndinakhala chete mpaka ku Mulhuddart.