Phala la Mchere

Chaka chino ndataya mkazi wanga Tadala, kuseka kwake, ndi munthu yekhayo amene ankakumbukira ubwana wanga. Lero m'mawa phala la otsi, mbewu yonga tirigu, linapserera m'poto, fungo lake n'kundibweza ku Arlington, ku Amereka, ndili mwana.

Amayi ankasamalira mayi wina wokalamba wa ku Sikotilandi kumeneko. Loweruka ankatitenga ine ndi Tadala, mwana wa aneba athu ku Lanham. Mayiyo ankatiphikira phala la kwawo, lothira mchere, lopanda shuga, mkaka wozizira uli m'kapu pambali kuti tiziviikamo supuni. Ine ndinkayesa ndi chilango poti ndinkasokosa, ndiye ndinkalilavulira mumphika wa maluwa.

"Iwe, maluwawo anenepa kukuposa," ankandiseka Tadala, atanyambita kale mbale yake.

Titakwatirana ankaliphikabe choncho, ine osalawa ngakhale kamodzi. Ali m'chipatala analipempha. Ndinaphika, koma ndinathira shuga, poganiza kuti ndikumukometsera m'kamwa. Zaka zonsezo sindinamufunsepo chimene ankalikondera.

Analawa supuni imodzi, n'kumwetulira. Sanayankhulenso nane atanena izi:

"Amuna anga, mwathira shuga. Mawa mudzathire mchere."