Mano a pakhoma la a Levulo

Ankawatchula kuti a Levulo chifukwa kachida koonera ngati khoma lawongoka sankakasiya, ngakhale popita kumaliro. Anatha zaka makumi atatu akumanga za eni: masitolo, makalasi, zimbudzi, mpaka kachipinda ka kupolisi kamene anadzatsekeredwamo okha atamenyana ndi kontilakitala. "Ndinagwedeza zitsulo za pazenera, osasuntha," ankatero. "Ndinanyadira ntchito yanga."

Anthu ankawadalira ngakhale pa za m'banja. Achinyamata ofuna kukwatira ankatumizidwa kwa iwo, ndipo malangizo ankatuluka osalala: banja ndi maziko, osathamangira denga. Akabwerera kwawo ankadziseka okha, amvekere ine ndine telala woyenda ndi buluku long'ambika kumbuyo.

Sankanama. Nyumba yawo inali chipinda chimodzi ndi pabalaza basi. Chaka chimene mwana wawo wamkazi anabadwa, anasiya njerwa zotulukira kunja pakhoma la kum'mawa, monga achitira amisiri pofuna kudzalumikiza chipinda china. Iwo ankazitcha mano. Mwanayo anakula akugona pabalaza kuseri kwa katani, ndipo manowo anasanduka poyanikira nsapato. Akafunsa za chipinda chake, yankho linali lomwelo: "Sunga khosi, mwanangu, mkanda uoneke. Mvula ikangotha." Mvula inatha zaka makumi awiri ndi zitatu.

Tsiku lina Lolemba mwanayo anabwera ndi kalata. Anali atapeza ntchito ya unamwino kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi, ndipo ankanyamuka Loweruka la sabata yotsatira. A Levulo anaombera m'manja, kenako anazungulira kuseri n'kuima moyang'anana ndi mano aja. Manyazi anawagwira. Mwana achoke pakhomo pa mmisiri asanatsekepo chitseko chakechake?

M'mawa mwake anayamba kukumba maziko.

"Bambo ake," anatero akazi awo atagwira m'chiuno, "kodi mvula ija yatha lero?"

"Mayi, ndipatsireni ndowa, mudzanditukwana Lamlungu."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Ndi ineyo, ndavomera. Ndowa ija."

Chimene chinakanika zaka zonsezo chinaima m'masiku khumi, ndipo zimenezi ndi zimene zinawapweteka kwambiri. Khoma latsopano linalumana ndi mano akale ngati anasiyidwa dzulo. Malata anakhomedwa Lachinayi, chitseko Lachisanu. Simenti ya pansi anaithira Loweruka m'mawa, n'kuisalaza mpaka kumawala.

Apo m'pamene anawerenga masiku. Pansi pamafuna sabata yathunthu pakuthiridwa madzi munthu asanapondepo, ndipo palibe ankadziwa zimenezi kuposa iwo. Anathamangitsapo mphunzitsi wamkulu ndi fosholo chifukwa choponda simenti yaiwisi m'kalasi mwake momwe. Tsopano chipinda chinali chitatha, basi inkanyamuka masana, ndipo mwini chipinda sakanatha kulowamo.

Mwanayo anafika atanyamula chikwama, n'kusuzumira pakhomo mosamala, manja kumbuyo, monga anaphunzitsidwira kuyambira ali wamng'ono.

"Ababa, n'chokongola. Ndidzagonamo pa tchuthi."

A Levulo ankadziwa mmene malonjezo otere amayendera, poti iwo ndiwo anali katswiri wake.

"Vula nsapato," anatero.

"Ababa?"

"Vula, ulowe."

"Koma simenti ndi yaiwisi! Mundithamangitsa ndi fosholo."

"Fosholo ndabisa. Lowa, ndi mwako."

Anaponda kamodzi ndi phazi lamanja, simenti yozizira n'kutulukira pakati pa zala. Anayamba ndi kuseka, kenako misozi inatsika. Mayi ake anathamangira madzi omutsukira phazi, akudandaula kuti basi imusiya.

Atabwerako kokaperekeza, akazi awo anawapeza a Levulo atagwada pakhomo la chipindacho, chosalazira chili m'manja.

"Fulumirani, bambo ake, isanaume. Mmisiri ngati inu, anthu adzati chiyani?"

"Adzati a Levulo anakalamba, ntchito inawalaka."

Anaika chosalaziracho pambali, natenga ndowa, n'kuyamba kuwaza madzi pang'onopang'ono mozungulira phazilo kuti lisang'aluke.