Dikira Ligi Ithe

Anzanga, Efisio ndinakumana naye chifukwa cha mvula. Ine ndine Bonaria. Akundilembera ndi mwana wanga Marinella, namwino wamkulu, ndipo ndamuuza kuti asasinthe liwu ndi limodzi lomwe.

Munali mu 1969, Lamlungu masana. Bala ya bambo anga ku Marina, dera la kufupi ndi doko, inali yodzaza, amuna onse makutu ali ku wailesi, timu yathu ya Cagliari ikusewera. Kenako kunalowa mnyamata wamtali wa kudoko, atanyowa chonyoweratu. Mipando inali itatha, ndiye anakhala pa kireti ya mabotolo.

"Achemwali, kakhofi kotentha ndisanafe."

"Mukafere panja, muno ndakolopa," ndinatero.

Ndikungomupatsa kapu m'manja... chigoli! Bala yonse inaphulika! Amalume Bachisio anapsompsona wailesi!

"Aliyense asasunthe!" anakuwa bambo. "Mnyamata iwe, dzina?"

"Efisio, bambo."

"Efisio, Lamlungu likubwerali ukhale pa kireti yomweyo, jekete lomwelo. Bonaria, kapu yomweyo!"

Kwathu zimenezi si nthabwala. Timu ikawina susintha kanthu. Amalume Bachisio anasiya kuchapa masokosi mpaka mkazi wawo anawathamangitsa kuchipinda.

Efisio anabwera. Tinawina. Anabweranso, tinawinanso! Ine Lamlungu lililonse kapu m'manja. Zala zake zinkachedwa dala pa zala zanga.

"Khofi wako ndi wowawa," ankatero.

"Nanga ukubwereranji?"

"Ndikufera timu."

Posakhalitsa anayamba kunditenga pa njinga yake yamoto kupita kunyanja ku Poetto, mphepo ikundiulutsira mpango, ine ndikukuwa kuti achepetse liwiro koma mumtima ndikuti awonjezere. Bambo, amene kale ankathamangitsa anyamata ndi tsache, ankangoti, "Pitani, koma Lamlungu asachedwe."

Chakumapeto kwa chaka Efisio anagwidwa chimfine, osabwera. Tinagonja! Mawa lake bambo ananyamula okha msuzi wa nkhuku kupita kumene ankakhala. Atabwerako anayamba kutsuka makapu osandiyang'ana.

"Ali bwanji?" ndinafunsa.

"Achira. Pukuta matebulo."

Efisio atabwerera pa kireti yake, ndinamufunsa mosabisa. Ine ndinkafuna banja, anzanga, osati kungokwezedwa njinga.

"Ulankhula liti ndi bambo za ife?"

"Dikira ligi ithe, Bonaria. Ukufuna tilodze timu?"

Ndinaseka, ndinavomera. Ndani akanafuna kukhala mtsikana amene anagwetsa Cagliari? Ndinayamba kupeta nsalu zogonera za ukwati wathu mwakachetechete.

Kenako linafika tsiku lija la mu Epulo. Tinagonjetsa timu ya Bari, ligi n'kukhala yathu! Ife a pachilumba, amene a kumtunda ankatinena kuti abusa a nkhosa! Magalimoto kulira, mabelu a tchalitchi kulira, agogo kumenya mapoto m'mawindo, mzinda wonse wofiira ndi wabuluu, mitundu ya timu yathu. Efisio anandinyamula m'mwamba pakati pa msewu, ine nsapato imodzi itatayika.

"Ligi yatha!" ndinamukuwira m'khutu. "Tiye kwa bambo!"

Anandiika pansi pang'onopang'ono.

"Bonaria... ndili ndi chitomero ku tauni ya Iglesias. Ukwati uli mu Juni."

Ndinaganiza kuti phokoso landisokoneza.

"Wati chiyani?"

"Ndinafuna kukuuza pa Khirisimasi. Bambo ako anandiletsa. Tsiku la msuzi lija, amene anawatsegulira chitseko ndi mtsikana ndinamutomerayo."

Ndinalowa m'bala ndi nsapato imodzi. Bambo anali pamwamba pa tebulo, mbendera m'khosi, akuimba.

"Bambo, tsikani."

Atandiona nkhope anatsika.

"Munkadziwa?"

"Mwana wanga... tinali pamwamba pa ligi. Ukanadziwa ukanamuponyera kapu kumaso, iye osabweranso."

"Ndiye munandisiya ndizipeta nsalu?"

"Ndinkati ndikuuza ikangotha."

Amalume Bachisio anayang'ana pansi. Bala yonse inayang'ana pansi. Onse ankadziwa, anzanga. Onse, kupatula ine woperekera khofi.

Efisio ndinamulira chilimwe chimodzi basi. Pambuyo pake ndinakwatiwa ndi Tore, wophika buledi amene sankadziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati, ndipo anandisunga bwino mpaka Mulungu anamutenga.

Koma za bambo sizinapole. Ndinawasamalira mpaka ukalamba wawo, ndinawasambitsa, ndinawadyetsa. Nthawi zonse ndikawakumbutsa, ankandigwira dzanja, misozi ili m'maso.

"Pepa, mwana wanga," ankatero. Kenako motsitsa mawu: "Komatu tinawina."

Anzanga, bodza la mlendo limapita ndi mwini wake. La munthu wa m'nyumba umadya nalo patebulo moyo wako wonse.