Lole ya Maliro a Mayi Anga

Ndikukumbukira kulira kwa hamala ya Che Saidi m'mawa wa tsiku lotsatira imfa ya mayi anga. Che Saidi anali kalipentala woyandikana nafe ku Ndirande, Msilamu wa ndevu za imvi, ndipo shedi yawo inagundana ndi bafa lathu. Tsiku lililonse tinkadzuka ndi phokoso la hamala imeneyi mpaka makutu anga anazolowera, sindinkalimvanso. Koma m'mawa umenewo ndinamva msomali uliwonse, chifukwa ndinkadziwa kuti bokosi limene ankakhomalo linali la mayi anga. Ndinali ndi zaka khumi.

Bambo anga sindinawadziwe. Ndinangomva nditakula kuti anamwalira kunja ine ndili wakhanda. Amene anandilera ndi agogo, mayi wa mayi anga, amene ankagulitsa makala pamphambano ya kumtunda kwa msika. Mayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu ena mutauni ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi. Atayamba kudwala anabwerera kwathu, nagona m'chipinda cha agogo miyezi isanu. Ine ndinali mwana wosayankhulayankhula. Ndinkakonda kukhala pamalo pamene anthu sandiona koma ine ndikuwaona, ndipo zambiri zimene ndinadziwa ndili mwana ndinazidziwa mwa njira imeneyo.

Tsiku limenelo ndinakhala kuseri kwa mulu wa matumba a makala, pafupi ndi zenera, pamene akulu a mpingo awiri anafika atavala majekete. Mmodzi anali a Kambalame, mlembi wa mpingo wathu, amene ankasunga kaundula wa akhristu onse. Winayo anali a Muhiwa, telala wa pakhonde la golosale ina kumsika. Anapepesa maliro mwaulemu, kenako a Kambalame anafotokozera agogo ndi amalume kuti dzina la mayi silinali m'kaundula wa akhristu oyenda bwino. Choncho mpingo sudzayimba, amayi sadzavala yunifolomu, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene adzalalikire.

Nkhani yake inali yakale. Mayi ali mtsikana ankayimba kwaya, ndipo anthu amati mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Atatenga pakati asanakwatiwe, bwalo la akulu a mpingo linawadula. Kuti abwerere ankayenera kukaima pamaso pa bwalo, kutchula mwini mimbayo, ndi kulowanso kalasi. Mayi anakana kutchula munthu, ndipo sanapondenso m'tchalitchi. Ankangoyimba pochapa.

Agogo sanalire pamaso pa akuluwo. Anangofunsa a Kambalame kuti ndi maliro angati amene iwo, Anaphiri, anachezera ndi kuyimba atavala bulauzi yoyera m'zaka zonse zimene akhala mumpingo. A Kambalame anayankha motsitsa mawu kuti zimenezo akuzidziwa, koma lamulo salipinda chifukwa cha munthu mmodzi. A Muhiwa ankangoyang'ana nsapato zawo.

Alendowo atachoka, nkhani inafika kwa amayi amene ankaphika kuseri kwa nyumba. Mayi wina, amene sanandione, analoza ndi mlomo kumene ankaganiza kuti ndinali, nati zonsezi n'chifukwa cha kamwana kaja.

Maliro osayimba ndinkawadziwa. Mwana aliyense wa ku Ndirande ankawadziwa. Lole yonyamula maliro ikamatsika kudutsa pamsika anthu ali chete, kungomveka injini yokha, amayi ogulitsa tomato ankagwirana pamapewa n'kumafunsana ngati womwalirayo anali wakuba kapena chidakwa. Ndinaganiza za mayi anga akudutsa pamenepo, pamalo pamene ankagula ndiwo, anthu akufunsana zimenezo. Ndipo m'mutu mwanga wa zaka khumi nkhaniyo inali yosavuta. Tchimo la mayi linali ine. Tchimolo likachoka pakhomopo, mpingo ulibenso chifukwa chokanira kuyimba.

Ndinalowa m'nyumba anthu ali otanganidwa, ndinaika malaya a kusukulu, kabudula ndi supuni yanga m'jumbo, n'kutulukira kumbuyo. Ndinkaganiza zopita ku Limbe wapansi, ndikapemphe galimoto yopita ku Phalombe kumene ndinamva kuti kuli abale a agogo. Koma ndinafuna kuti akulu a mpingo adziwe kaye kuti ndachoka, kuopa kuti ndingachoke pachabe. Kwa a Kambalame ndinkaopa. Ndinapita kwa a Muhiwa.

Ndinawapeza atavula jekete, akupalasa makina osokera, thalauzi la munthu lili pamiyendo. Ndinaima pafupi ndi chipilala nthawi yaitali mpaka iwo anakweza mutu.

"Iwe, si mdzukulu wa Anaphiri? Wasiya maliro bwanji?"

"Abambo, ndikachoka ineyo, mukawayimbira amayi?"

Makina anaima. Anandifunsa kuti ndichoke ndipite kuti, ndipo ndinawauza za ku Phalombe. Anandifunsa amene anandiuza kuti ndichoke, ndinati palibe. Anayang'ana jumbo yanga, mmene munkaonekera chigwiriro cha supuni, ndipo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu kotsala. Anawapukuta nthawi yaitali kwambiri.

"Tsiku limene tinkawadula mayi ako, ine ndinalipo," anatero. "Ndinakweza nawo mkono."

Kenako anandiuza kuti ndibwerere kwa agogo, ndisapite kulikonse, ndipo akamva kuti ndasowa adzandilondola mpaka ku Phalombeko ndi mita yawo yoyezera. Sanandilonjeze chilichonse. Ndisanafike ngakhale pamsewu ndinamva makina ayambanso kulira, ndipo ndinaganiza kuti ulendo wanga wapita pachabe. Jumbo ija ndinakaibisa m'matumba a makala.

Mawa lake masana kunabwera lole ya mchenga imene amalume anapempha kwa bwana wawo. Anyamata anaisesa, koma mchenga unatsalabe m'makona. Pakhomo panayankhula amalume ndi woimira mfumu ya m'dera, basi. Agogo anali atasita bulauzi yawo yoyera m'mawa, mwina mwa chizolowezi, kenako anaipinda n'kuibweza m'sutikesi. Anatuluka atavala chitenje wamba. Amayi a mpingo wathu analipo ambiri ndithu, koma anabwera ngati anansi chabe, aliyense ndi zovala za pakhomo, ndipo ankapewa kuyang'anizana ndi agogo. Panalinso amayi Dzinza, Akatolika ochokera ku Nsanje amene ankachita lendi kumbuyo kwathu. Iwo ndi amene ankasambitsa mayi pa masiku omaliza agogo akatopa.

Bokosi litakwezedwa, anthu anakwera mwakachetechete. Che Saidi anakwera nawo, nakhala chakumutu kwa bokosi atagwira m'mbali kuti lisamaterereke pamtsetse. Dalaivala ataliza kale injini, ndinaona a Muhiwa akubwera mofulumira m'kanjira ka pakati pa nyumba. Sanavale jekete kapena tayi, anangovala malaya a manja aafupi amene ankasokera. Anyamata anawakoka mkono, ndipo iwo anadutsa pakati pa miyendo ya anthu mpaka anafika pamene ndinali ine. Anakhala pansi pamchenga, nandiika pakati pa mawondo awo.

Lole itayamba kuyenda, a Muhiwa anayamba nyimbo.

Ndinene zoona, a Muhiwa sankadziwa kuyimba. Mpingo wonse unkadziwa zimenezi. Anyamata a kwaya ankanena kuti mawu awo ali ngati chitseko cha bafa, ndipo m'tchalitchi munthu akakhala pafupi nawo ankasokonezeka. Ndime yoyamba anayimba okha, mawu akugwedezeka nthawi iliyonse lole ikagwa m'dzenje. Palibe amene anawathandiza. Ndinaona amayi ena akuyang'anizana, ena akuweramitsa mitu. Ndinachita manyazi m'malo mwawo, ndipo ndinalakalaka atangosiya.

Sanasiye. Pa ndime yachiwiri amayi Dzinza, amene sankadziwa mawu a nyimbo za kwathu, anayamba kung'ung'udza motsatira. Kenako ndinamva mawu a agogo, osasa ndi kulira koma olunjika, akuikonza nyimbo imene a Muhiwa anali ataipotoza. Agogo atalowa, amayi a mpingo sanathenso kudziletsa. Analowa mmodzimmodzi, wina wa mawu apamwamba, wina apansi, ngakhale mayi uja amene anandiloza ndi mlomo. Pamene tinkafika pamsika, lole yonse inali kuyimba, ndipo mawu a a Muhiwa sankamvekanso pokhapokha kwa ine, amene msana wanga unali pachifuwa chawo. Amayi a tomato anaimirira. Amuna a pa shedi ya matayala anavula zipewa. Che Saidi sanayimbe, koma sanachotse manja pabokosi mpaka kumanda.

Kumandako tinapeza a Kambalame, amene anabwera wapansi. Maliro ataikidwa anawakokera a Muhiwa pambali, koma osati patali kwambiri, chifukwa ine ndi agogo tinamva zonse. Anawauza kuti aphwanya chigamulo cha bwalo pamaso pa Ndirande yense.

"Ndaphwanyadi, ndipo mukandiitana ndibwera," anatero a Muhiwa. "Koma mwana uyu dzulo anamanga jumbo, kudzandifunsa ngati achoke kuti ife tiyimbe. A Kambalame, mpingo ukafika poti mwana wamasiye azidziona ngati chinyalala chofunika kusesa kuti ife tipemphere, ndiye tikutumikira ndani? Kaundula ndi wathu. Ufumu si wathu."

A Kambalame anandiyang'ana ine.

Agogo sanandifunse kanthu kumanda. Titafika kunyumba anandiuza kuti ndikatenge jumboyo. Anaitsegula, natulutsa supuni, naiyang'ana, kenako anandipotokola khutu mpaka ndinaona nyenyezi. Anandifunsa kuti ndikanawasiya ndi ndani, ngati ndinkaganiza kuti makala amayankhula. Atatero anandikokera pachifuwa chawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mayi ndinalira.

Bwalo linawaitanadi a Muhiwa, ndipo linawaimitsa pa ukulu wa mpingo miyezi isanu ndi umodzi. Lamlungu lililonse ankabwera msanga n'kukhala pa benchi yomalizira, ya anthu a pachilango, ndipo sindinawamvepo akudandaula kapena kunyoza akulu anzawo. Ine ndinayamba kuthawa pamkeka wa ana n'kukakhala nawo kumbuyoko. Sitinkayankhulana. Nthawi ya nyimbo ankandilozera mizere ndi chala, iwo n'kumaiwononga monga mwa masiku onse.

A Kambalame sanali munthu woipa. Sabata imene inatsatira anabweretsa ufa kwathu, ndipo patapita zaka ndi iwo amene anandilemba m'kaundula yemweyo tsiku la ubatizo wanga, atakalamba ndithu. Lero ine ndimakhala nawo pa misonkhano ya mpingo, pamene timakangana za mpanda, za matailosi, ndi za amene akuyenera kuyimbiridwa. Malamulo sindiwanyoza, chifukwa gulu la anthu silingayende popanda dongosolo. Koma ndinaphunzira pa lole ya mchenga kuti mpingo unaikidwa kuti uzilozera anthu ufumu wa Mulungu, osati kuima pakhomo ngati mwini wake. Kwa ine ufumuwo unaoneka koyamba pamene telala wosadziwa kuyimba analola kutaya ulemu wake chifukwa cha mayi amene iye yemwe anathandiza kuchotsa, ndi chifukwa cha mwana amene sakanamubwezera kanthu. Akanangopitiriza kupalasa makina ake, sindikukhulupirira kuti ndikanapondanso m'tchalitchi moyo wanga wonse. A Muhiwa anamwalira ndisanaphunzire kuyankhula zakukhosi, choncho sindinawathokoze pakamwa. Ndikuwathokoza pano.

Chilango cha a Muhiwa chija chitatsala pang'ono kutha, tsiku lina masana ndili ndekha pa makala, agogo atapita kuchigayo, ndinawaona akukwera mtunda ndi kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Sanakhale pansi. Anandifunsa ngati ndadya, ndinati inde. Anandiuza kuti ndipukute kaye m'manja, ndipo ndinapukutira pa kabudula. M'kaphukusimo munali kope lakale, chikuto chake chitasuwa, lodzaza ndi nyimbo zolembedwa pamanja ndi bolopeni ya buluu. Pamwamba panali dzina la mayi anga.

"Linatsala m'kabati ya kwaya tsiku lija tinkawadula mayi ako," anatero. "Zaka zonsezi palibe amene anaganiza zokabweza, ngakhale ine. Ndi lako. Usaliike pa makala."

Anandisisita pamutu kamodzi, natembenuka, n'kutsika mtunda kubwerera ku makina awo.