Mawu a Amalume m'Chigafa

Kagalasi kaja kanali ka njinga yamoto, kozungulira, kokhala ndi mng'alu wodutsa pakati. Amalume anakatola m'ngalande pa msewu wa ku Malomo. Iwo sankadziyang'anirapo ayi. Anakatolera ine, kuti ndizionerapo lilime langa.

Chinali chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, nyengo yosoka fodya. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali atangobwerera kumudzi. Kale anali kalaliki mu ofesi ina ku Lilongwe, ndipo anthu ankati kudera kwathu konse kunalibe wodziwa Chingerezi kuposa iwo. Kenako anasowa zaka zingapo. Ndikafunsa, amayi ankangoti ali ku ntchito yakutali. Pobwera anali atatha thupi, mano akutsogolo mulibe, akutsokomola chifuwa chouma. Palibe anandiuza kuti anali m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Masiku amenewo nkhani zotere sizinkakambidwa. Ndinkangoona kuti anthu ayamba kulambalala pakhomo pathu, ndipo oyandikana nawo analeka kudzapala moto.

Mvula inali yamvumbi, nkhungu itakuta mapiri a Ntchisi mpaka masana. Ndikaweruka kusukulu ndinkapeza amayi ali kumunda kothyola fodya, amalume ali m'chigafa akusoka masamba, poti khasu sankalitha. Ndinkakhala pambali pawo kuwathandiza, zala zikumata ndi utomoni wakuda, fungo la fodya wamuwisi likundichititsa chizungulire chifukwa m'mimba munali maungu okha. M'menemo ndi mmene munali sukulu yanga yachiwiri.

Buku analibe. Mabuku awo amayi anawatentha sabata yomwe anagwidwa, izi ndinazidziwa nditakula. Mawu ankawatulutsa m'mutu, n'kuwalemba padothi ndi kamtengo. Loyamba linali "thorough". Anati ndi kugwira ntchito osasiyako pena paliponse, ngati mmene amayi amapalirira mtedza.

"Lilime lituluke pang'ono pakati pa mano, kenako uuzire mpweya," anatero.

Atayesa kundionetsa, panangotuluka kamluzu, poti manowo panalibe. Ndinaseka, iwonso anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kuwerama nthawi yaitali. Mawa lake ndi pamene anabwera ndi kagalasi kaja. Zimene pakamwa pawo sipankatha kuchita, ankazifotokoza, ine n'kumaziyesa ndikudziyang'ana mpaka iwo atagwedeza mutu.

Tinalimbana kwambiri ndi "reluctant". Ife a kuno "r" ndi "l" timaziyesa chinthu chimodzi, ndiye liwu limeneli lili nazo zonse ziwiri moyandikana. Ankati "reluctant" ndi ng'ombe yapangolo ikafika pamtsinje wodzaza. "Vulnerable" ndi mwanapiye amene watsalira pabwalo kabawi akuzungulira. Anandiletsa kuika "i" kumapeto kwa mawu monga tinkachitira tonse kusukulu. Anandionetsa "doubt" ndi "solemn", mawu okhala ndi chilembo chimene chimalembedwa koma sichitchulidwa. Ndinafunsa kuti nanga amachilemberanji. Anati nawonso sakudziwa, Azungu anangotengera kwa makolo awo.

Amayi sizinkawasangalatsa. Tsiku lina atatula mtolo wa fodya anaima pakhomo la chigafa, madzi akudontha m'chitenje.

"Achimwene, Chingerezi chomwechi sichinakukwaneni? Mukufuna mundiphere mwana?"

"Mwanayu asadzaweramire munthu chifukwa cha mawu," anayankha amalume, maso ali pa singano.

Komabe mantha anali nawo. Anyamata a chipani akamadutsa kufunsa makadi a umembala, amalume ankafafaniza liwu padothi ndi phazi. Anyamatawo atapita kalekale, iwo ankakhalabe akuyang'ana kunjira.

Kusukulu, aphunzitsi athu a Chingerezi anali bambo wamtali, wosakonda kuseka. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwerenge ndime ya m'buku la kalasi. Nditamaliza, anzanga anayamba kundinena kuti ndikudzipanga mzungu. Aphunzitsi anawakhalitsa chete, koma pa nthawi yopuma anandiuza kuti nditsale.

"Akukuphunzitsa ndani?"

"Amalume."

Anayang'ana kukhomo, kenako kuwindo. "Wina akakufunsa, uzinena kuti umamvera wailesi."

Kwathu wailesi kunalibe, koma ndinavomera. Ndikutuluka anandiitananso, mawu ali pansipansi: "Amalume ako akudya?" Ndinati pang'ono. Mawa lake anandipatsa botolo la mankhwala a chifuwa atalikulunga m'nyuzipepala, n'kundiuza kuti ndisanene kumene lachokera. Amalume atalilandira sanafunse kanthu. Anangolitembenuza m'manja, n'kulibisa kudenga la chigafa. Aphunzitsiwo sanapondepo pakhomo pathu. Popita ku Malomo pa njinga ankazungulira njira ya kudambo, yamatope, kusiya yodutsa kwathu.

Chimanga chitayamba kukhwima, amalume anasintha. Mawu anachuluka, ankawaunjika ambirimbiri tsiku limodzi, ndipo ndikalakwitsa ankakalipa, chinthu chimene kale sankachita. "Bwereza! Nthawi ilibe mwini, bwereza!" Ine ndinkatopa, ndinkafuna kukasewera fulaye ndi anzanga, ndinkati amalume asanduka ankhanza. Nsanza imene ankatsokomoleramo ndinkaiona kuti ili ndi madontho ofiira, koma ndinkayesa kuti ndi nkhama za m'mano mwawo. Lero ndikudziwa kuti munthu uja ankakhuthula nkhokwe yake mwachangu, poona kuti denga likugwa, ndipo analibe kwina kokhuthulira koma kwa kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu.

Anawatengera kuchipatala pa ngolo fodya atauma, tisanamange mabelo. Anakhalako masiku ochepa, n'kubwerera pa ngolo yomweyo atawafunda bulangete mpaka kumutu. Maliro ake anali a anthu owerengeka: abale, ndi amayi angapo a kutchalitchi amene anaimba nyimbo ziwiri mofulumira. Okumba manda anali ochepa moti dzuwa linapendeka asanamalize. Amayi sanalire mokweza. Anakhala tsonga pamkeka, akuyang'ana aliyense wolowa ngati akufuna kusunga nkhope yake.

Aphunzitsi sanabwere. Zaka zambiri pambuyo pake amayi anandiuza kuti aphunzitsiwo ndi amalume anaphunzira limodzi ku mishoni, ankagona pamphasa imodzi, ankapikisana kuloweza mawu a mu dikishonale. Aphunzitsiwo ndinawada kwa nthawi yaitali. Tsopano ndili ndi ana anga ndi ntchito yoti ndikhoza kuchotsedwa, sindithanso kuweruza msanga.

Nditabwerera kusukulu, mutu utametedwa, aphunzitsi sanandipepese. Anangondipatsa buku kuti ndiimirire ndiwerenge. Ndili pakati pa ndime, nditatchula bwinobwino liwu lina lalitali monga anandiphunzitsira amalume, anatembenuka n'kuyang'ana kubolodi, choko chili m'manja, osalemba kanthu. Ndinayesa kuti ndalakwitsa. Ndinabwereza liwulo pang'onopang'ono, n'kudikira kuti andikonze. Sanatembenuke. Ndinalibwerezanso mokweza, anzanga n'kuyamba kusekera m'manja. Mapewa a aphunzitsi ankagwedezeka, ndipo ine ndinatsimikiza kuti nawonso akundiseka. Ndinakhala pansi belu lisanalire, manyazi atandigwira, ndipo njira yonse yobwerera kunyumba ndinkalitchula liwu lija, kufunafuna pamene ndinalakwitsa.