Kanyerere ndi Mipando ya M'basi

Kwa wometa tsitsi kunamveka kuti mdzukulu wanga Kanyerere anamuchotsa ntchito. Anayambitsa ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene amadziwa za aliyense kupatula za mwamuna wake. Ine ndinatsutsa, koma mwaulesi, chifukwa nanenso maso ndili nawo. Mwanayo ku ofesi sankapitanso. Ankangokhala patebulo lodyera atavala juzi ya malemu agogo ake aakazi, maso ali psuu, tiyi akuzizira pambali pa laputopu.

Dzinali ndinamupatsa ndine. Anakulira m'manja mwathu, ndipo ndinkamutuma kugolosale mwa njira yangayanga: akagule machesi, akangofika abwerere sopo, akangofika abwerere mabatire a wailesi. Mwana amakhwima ndi kuyenda, ndimatero mpaka lero. Atakula anaphunzira zamakompyuta n'kulowa ntchito kukampani yogulitsa matikiti a basi pa intaneti. Ine sukulu ndinaisiya pamene masamu anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, ndiye za ntchito yakezo ndinkangogwedeza mutu.

Tsiku lina masana ndinakoka mpando n'kukhala pafupi naye.

"Mkazi wanga, ngati akuthamangitsa ungonena. Ndikukwatira ine, uzindichapira masokosi."

"Agogo, chonde, mutu ukundipweteka. Sanandichotse. Ndinapempha kugwirira kuno chifukwa ku ofesi kuli phokoso. Koma bwana akuti tsamba la pa intaneti losonyeza mipando ya m'basi likapanda kufulumira pofika Lachisanu, apeza wina. Anthu akumadikira mpaka kutopa, n'kukagula kwina."

Anandifotokozera ngati akufotokozera mwana. Mipando ndi mayina a okwera zimasungidwa m'nkhokwe ya m'kompyuta, amati detabesi. Pulogalamu imene anaisiya munthu wina amene anachoka kalekale imapita kunkhokweko kukafunsa za mpando woyamba, n'kubwera. Imapitanso za wachiwiri, n'kubwera. Basi yonse, mabasi onse.

"Ndiye ndi mwana womvera ameneyo," ndinatero ine.

"Kapena munailemba ndinu?" Sanaseke. "Ndikufuna izipita kamodzi, n'kubwera ndi zonse m'thumba limodzi."

Pakamwa zinali zophweka. Atakonza mipando, mitengo ya matikiti inasowa. Atabweza mitengo, basi ina inaoneka yodzaza pamene munalibe ngakhale nkhuku. Foni yake inkangolira, iye n'kumati "inde bwana, ndikuona bwana," atatsamiritsa chipumi padzanja. Chakudya ndinkamutenthetsera, n'kudzachipeza chili momwemo. Ndinkadya ndine, kuti chisawonongeke.

Lachisanu m'mawa anandiitana n'kundipatsa foni. "Dinani apa." Ndinadina ndi chala changa, mipando yonse n'kutulukira ndisanachotse n'komwe chalacho. Ndinayembekezera kuti avina. Anangotseka laputopu, n'kukagona pasofa nsapato zili kuphazi, kukamwa kuli yasa ngati mwana wakhanda.

Machesi anali atatha m'nyumba. Ndinaima n'kumuyang'ana kwa kanthawi, kenaka ndinatenga ndodo n'kupita ndekha, mawondo akulira njira yonse. Nditabwera ndinakumbukira sopo.

Lolemba anasita bulauzi, n'kukoleka chitupa cha kampani m'khosi, ulendo wa ku ofesi. Anadutsa pakhomo pa mayi uja akuyasamula, moni osapereka. Akuti kulinso tsamba lina lochedwa, la katundu.

Ntchito sanamuchotse.