Meseji Yomwe Inapita kwa Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa pangapa. Nditamaliza sukulu ndinkangokhala kwathu ku komboni ya Chawama ndi laputopu yothyoka kona imene mlongo wanga anandisiyira. Zamakompyuta sindinaphunzirepo. Ndinangotulukira kuti AI, mapulogalamu aja oyankha ngati munthu, ukawafotokozera bwino chomwe ukufuna amakulembera pulogalamu yathunthu. Tsiku lina ndikukonzetsa zipi kwa ba Yusufu, telala wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi, ndinawamva akudandaula kuti atopa n'kuimbira makasitomala mmodzimmodzi. Ine ndi phuma langa ndinati ndingawapangire pulogalamu yoti izichita zimenezo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Yamba mailo," anatero, kutanthauza mawa.

Ndinkakhala pa benchi kuseri kwa makina awo osokera. Ndinkalemba m'Chingerezi changa chopunduka kuti ndikufuna malo olembapo dzina, nambala ya foni, miyezo ndi mtundu wa chovala. AI inkatulutsa malangizo a kompyuta otchedwa kodi, mizere yambirimbiri imene sindinkaimva ngakhale umodzi. Ndinkaikopera, n'kuyesa. Pakatuluka zilembo zofiira zosonyeza kuti chalakwika, ndinkazikopera n'kuzibweza kwa AI yomweyo kuti ikonze. Magetsi akazima ntchito inkaima. Bandulo ikatha inkaimanso. Komabe chinthucho chinagwira, ndipo ndinadziona ngati munthu.

Ba Yusufu anandichenjeza kamodzi kokha, akukulunga tepi yoyezera pachala. "Iyi tepi iziba vambili, koma siikamba." Ankanena zoona: telala amadziwa kuti mayi ali ndi pakati mwamuna wake asanadziwe. Choncho miyezo ndinaitsekera ndi pasiwedi, n'kumati ndathana nazo. Kenako AI inandifunsa ngati ndingakonde kuti meseji yopita kwa kasitomala izitchula chovala chimene chatha, ndi mawu omufunira zabwino. Ndinavomera msangamsanga. Zinkaoneka zaulemu.

Panali kasitomala wina, ba Esnati, mayi wofatsa amene anali atapitapo padera kale. Anabwera yekha masana, n'kunong'oneza ba Yusufu kuti amusokere tizovala ta mwana. Kwathu mimba sailengeza. Anthu amaiona okha ikakula, ndipo za mwana wosabadwa sazitchula pagulu. Foni yake anali atamubera m'basi, ndiye anapereka nambala ya apongozi ake a pabwalo limodzi. Ankadziwa kuti ba Yusufu akaimba amangoti, "Muuzeni abwele ku shopu."

Ulendo uno ba Yusufu sanaimbe foni. Tizovala tija titatha ndinadina batani, meseji n'kupita: "Ba Esnati, vovala va mwana wanu vasila. Tikufunilani vabwino!" Apongoziwo maso anali ovuta, ndiye anapatsa mnzawo kuti awawerengere. Anali pamzere wa pampopi, ndipo mnzawoyo anawerenga mokweza.

Patapita masabata angapo ba Esnati analowa m'shopu atanyamula pulasitiki. Anali ataonda, chitenje atamanga cholimba m'chiuno. Makina a ba Yusufu anaima okha. Mayiyo anaika pulasitiki ija patebulo lodulirapo nsalu, tizovala tija tili chipindire.

"Gulitsani kuli benangu," anatero. "Mimba yachoka futi."

Ba Yusufu anayamba kupepesa, koma mayiyo anatembenukira kwa ine. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Ba sisita, ine sin'nauze munthu aliyense. Manje bapongozi bakamba ati nine n'nalengeza mimba, ndiye chifukwa bantu banailodza. Foni yanu ndiye inakamba."

Ndikudziwa kuti meseji sichotsa mimba. Koma ndikanamuuza chiyani mayi amene akukanenedwa tsiku ndi tsiku pabwalo lomwe amagona? Mayiyo atatuluka, ba Yusufu anati, "Mwana wanga, zimya vinthu vako." Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Nkhani inafala, amayi ambiri anasamukira kwa telala wina, ndipo mwezi usanathe benchi ija inalibenso ntchito yanga.

Lero ndimapangirabe anthu timapulogalamu: wa saluni ku Kanyama, wogulitsa nkhuku ku Matero. Mwayi ulipo ndithu kwa ife osaphunzira kodi, sindikana. Koma AI imaganiza kuti nambala imodzi ndi munthu mmodzi, pamene m'komboni foni imodzi imadutsa m'manja mwa mwamuna, apongozi, landilodi ndi aneba. Ndisanalembe chilichonse ndimayamba ndafunsa kuti foniyo amaigwira ndani, ndipo meseji zanga zonse zimangoti, "Bwelani ku shopu."

Ba Esnati ndimakumana nawo nthawi zina pamsika. Ndimawapatsa moni, iwo amayankha mwaulemu, maso ali kwina. Kumsana kwawo kulibe mwana.